Nsalu Yofiira pa Galimoto ya Maliro

Alberton, Joni.

Okondedwa Amayi,

Kuno mphepo ya Ogasiti yayamba kuomba m'mamawa, ikuulutsa fumbi la m'milu ya migodi mpaka likulowa m'mano. Panopa ndi masana a Lamulungu. Madamu apita kukaona abale awo, ndiye ndakhala pakhomo la kachipinda kanga ka kuseri pamene pali kadzuwa.

Muli bwanji, Amayi? Mwendo uja ukuvutabe? Nanga William ndi ana onse ali bwanji? Ine m'thupi ndili bwino. Za mumtima mukuzidziwa kale.

A Twalibu anafika ndi lole yawo ndipo anandiuza mawu anu onse, akuti mwana mmodzi wakwana kumuika ku Joni, ine ndibwerere kumudzi. Alamu a Wallace agwirizana nazo. Anena kuti a Twalibu akabweranso ndidzakwera nawo, pokhapokha inu mutanena zina. Kalatayi akupatsani pamanja a Twalibu omwewo, ndipo yankho lanu abwera nalo ndi iwo. Iwe William, ukamawawerengera Amayi usadumphe mawu, ngakhale opweteka.

Mukundidziwa kuti pamaso pa anthu mawu amandithera kukhosi. Papepala ndiyesa.

Telegalamu ya alamu inangoti achemwali a Ida aomberedwa. A Twalibu akuti kumudziko anthu akunena kuti analowerera nkhondo ya eni dziko. Si choncho. Ine ndinalipo, ndipo ndikuuzani mmene zinayendera.

Ku Thokoza kumene achemwali ankakhala ndi alamu kuli msewu waukulu. Mbali imodzi kuli mahositelo, nyumba zogonamo amuna obwera kudzagwira ntchito. Mbali inayo kuli lokeshoni, nyumba za mabanja. Mbali ziwirizi zikuphana. Amuna a ku hositelo akamapita kokamenyana amamanga nsalu yofiira kumutu. Anyamata a mu lokeshoni amalondera m'makona ndi mfuti. Munthu akafera mbali imene si yake amagona pomwepo, chifukwa mbale wake akapita kukamutenga nayenso sabwerako. Dzuwa limamuwamba. Agalu a kumeneko ananenepa, Amayi.

Lachinayi ndi tsiku limene ife antchito a m'nyumba timapuma masana. Lachinayi lina tikuchokera kumapemphero a amayi, tinapeza bambo wina atagona m'mbali mwa msewu, nsapato atamuvula kale. Anthu ankangomulambalala. Achemwali anamasula chitenje chawo nkumufunditsa. Ine ndinawakoka dzanja kuti tizipita. Anangoti munthuyo ali ndi mayi ake kwinakwake amene akumuyang'anira kunjira.

Mu msewu umene ndimagwira ntchito muno muli amayi awiri akuluakulu, nyumba zawo zantchito zoyandikana. Wina ndi MaZondi, amuna awo amakhala ku hositelo. Winayo ndi MaMokoena wa mu lokeshoni. Kale ankagawana buledi, koma chiyambireni nkhondo ankayanika zovala atafulatirana. Achemwali anakakhala pakati pawo pa kapinga wa pafupi ndi mashopu, nkuyamba kuwafotokozera za kwathu. Anawauza kuti kwathu mwini maliro sasambitsa mtembo wake ndipo sakumba manda. Amachita zimenezo ndi adzukulu, anthu a banja lina, ndipo tsiku lawo likafika iwe umakawagwirira chimodzimodzi. Ndiye anati amayi a ku hositelo azitola akufa a mu lokeshoni nkuwafikitsa pa mlatho wa njanji, a mu lokeshoni azitola a ku hositelo, ndipo ife a ku Malawi, poti sitili mbali iliyonse, tiziwaolotsa.

MaZondi anaseka mpaka kutsamwa. Anati Chizulu cha achemwali chimamveka ngati mbuzi ikutafuna pepala, ndipo Anyasa tinabwera kudzasita malaya, lero tikufuna kuphunzitsa eni dziko kuika maliro. MaMokoena sanaseke. Koma pasanapite nthawi mlamu wake wa MaZondi anafera mu lokeshoni, ndipo amene anamupukuta kumaso nkumubweretsa pa mlatho pa wilibala anali MaMokoena. Kuyambira pamenepo amayi ena anayamba kubwera. Zitenje za achemwali zinayamba kutha chimodzichimodzi, kenako zanga.

Alamu sankazifuna zimenezi. Ankati mkazi wogwira mitembo ya anthu osawadziwa adzabweretsa mizimu m'nyumba. Tsiku la ntchitoyo sankadya chakudya chophika achemwali, ndipo tsiku lina anawatupitsa diso. Achemwali anandiletsa kukuuzani. Panopa palibenso wondiletsa.

Kenako kunabwera anthu ochokera kumayiko akunja, oyang'anira mtendere. Amayenda pa magalimoto oyera okhala ndi mbendera, ndipo mbendera imeneyo ikamadutsa, nthawi zambiri mfuti zimakhala chete. Ankakumana ndi komiti ya mtendere ya dera lathu mu holo ina ya tchalitchi. Komitiyo ndi amuna okhaokha, ena mwa iwo ndi omwe amalamula anyamata a mfuti aja.

Achemwali anatenga MaZondi ndi MaMokoena kukapempha chinthu chimodzi, kuti atibwereke mbendera, kapena galimoto imodzi izititsogolera Lachinayi. Ine ndinapita kukawanyamulira chikwama. Anatisiya pakhonde. Patapita nthawi wapampando anatuluka akupukuta pakamwa. Anati mitembo si nkhani ya mtendere, nkhani zawo nzambiri kale, koma poti tafika tingathandizeko kutsuka makapu. MaZondi anafuna kumulalatira. Achemwali anamugwira pamkono nkunena kuti titsuke, mwina akaona nkhope zathu kawirikawiri adzatizolowera. Tinapitako kangapo. Ulendo uliwonse tinkatsuka makapu.

Pa alendo onse aja mkazi amene tinamuona anali mmodzi, Mayi Angeline, wochokera kudziko lina la kumadzulo kwa Africa kumene kulinso nkhondo. Anatipeza kukhitchini, napinda manja a bulauzi yake nkuyamba kupukuta nafe. Anamva nkhani yathu yonse. Anati kwawonso amayi a mumsika ndi amene ankaoloka kumene amuna sankaoloka, koma patebulo lokambirana sanaitanidwe. Anakatilankhulira mkati. Anabwerako nkhope itagwa. Akuti anamuyankha kuti iwo amakambirana ndi amene anasaina pangano, ndipo azimayi sanasaine kalikonse.

Tsopano ndafika pa tsiku lija.

Mkulu wina wa mu lokeshoni, wogulitsa malasha, anafera pafupi ndi hositelo. Kwawo kunali kutali ndi mlatho, wilibala sikanafika. A Douglas, omanga nyumba a ku Mulanje amene timapemphera nawo, anadzipereka ndi kagalimoto kotsegula kumbuyo ka bwana wawo, kuno amati baki. A Douglas anafika ku Joni chaka chomwechi ndipo amagona ku Elsburg. Ku Thokoza anali asanapondeko.

Nsalu zinali zitatheratu, kupatula zimene tinavala. Chinatsala chitenje chimodzi, chofiira cha maluwa achikasu, chija munawatumizira pa Khirisimasi. Achemwali sanachivalepo, osati chifukwa chochida, koma kuno chofiira sichivalidwa. Ankachisunga pansi pa sutikesi, nthawi zina nkuchitulutsa kuti angochinunkhiza, akuti chimanunkhira kunyumba kwanu. M'mawa umenewo anati palibe kuchitira mwina, tikamufunditsa mkuluyo mkati, pamwamba tiikapo bulangeti kuti chisaoneke.

Pa mlatho tinalandira mtembo kwa MaZondi ndi anzake. Tinali titawerama, tikuimba. Palibe amene anaona kuti a Douglas ang'amba kansalu kumapeto kwa chitenjecho nkukamanga pa kawaya ka wayilesi, monga timachitira kwathu pa galimoto yonyamula maliro kuti anthu apatuke ndi kuvula zipewa. Ife tinakwera kumbuyo ndi mtembo. Galimoto inalowa mu lokeshoni.

Achemwali ndi amene anaona kansaluko kakuuluzika ndi mphepo. Anamenya denga la galimoto. A Douglas anayesa kuti tikuwauza kuti afulumire. Achemwali anaimirira, natambasula dzanja nkukamasula. Kanali m'dzanja lawo, dzanja lili m'mwamba, pamene galimoto inakhota pakona.

Ndinamva kulira kwa mfuti. Achemwali anakhala pansi pang'onopang'ono, pamiyendo ya mkulu wakufayo, ngati munthu wotopa ndi kumunda. Anandiyang'ana nkunena kuti, "Sabina, bisa kansaluka, angawaphe a Douglas."

Ndinakabisa pachifuwa. Anyamata anafika akuthamanga. Mmodzi ndinamudziwa, Thabiso, mwana wa MaMokoena, amene ankadya kunyumba kwa achemwali akatumidwa ndi mayi ake. Mfuti inali m'manja mwake. Ankauza anzake kuti waona chofiira, walumbira waona. Anafufuza kutsogolo, anafufuza pansi pa mipando. Bulangeti sanalikhudze, amaopa mtembo. Anzakewo anayamba kumuseka kuti ndi wakhungu, wawononga zipolopolo pa Mnyasa. Wina anawavula a Douglas wotchi. Wina anati ulendo wina tizikafera kwathu. Thabiso sanayang'ane kumbuyo kwa galimoto kumene ine ndinagwirizira mutu wa achemwali. Koma anadziwa kuti ndamuona.

Achemwali anatisiya tisanafike kuchipatala.

Amayi, musadziimbe mlandu chifukwa cha chitenje. Ndinaganiza zobisa zimenezi, koma mukanadzamva kwa ena mopotoka. A Douglas nawo sakudya, amangobwereza kuti iwo ankafuna kupereka ulemu. Mbendera imene tinakapempha ija ikanakhala pa galimotoyo, a Douglas sakanafuna nsalu ina yomanga.

Poti simunaone maliro, ndikuuzeni. Amene anawasambitsa ndi MaZondi ndi MaMokoena, awiriwiri, ine anandituluza panja nkunena kuti lero ndine mwini maliro, adzukulu ndi iwo. Amayi a mbali zonse ziwiri anabwera. Anaimba m'zilankhulo zawo. Anawaika bwino, mutu pamalo pake.

Amuna a komiti nawo anabwera atavala mataye. Wapampando uja analankhula nthawi yaitali. Dzina la achemwali analiphonya, ankangoti Edina. Anati kusinthana mitembo pa mlatho ndi chipatso cha ntchito ya komiti yawo. Alamu anawapatsa mpando kutsogolo pamodzi ndi akuluakuluwo, ndipo ndinawaona akugwedeza mutu kuvomereza. Patapita masiku madamu anandionetsa nyuzipepala. Munali chithunzi cha amuna awiri akugwirana chanza pa mlatho wathu uja. Panalibe mkazi ngakhale mmodzi, ngakhale wilibala.

Mayi Angeline sanagone nazo. Kutabwera akuluakulu awo ochokera kunja kudzaona mmene zinthu zikuyendera, anatilowetsa mu holo kudzera khomo la kukhitchini. Mipando panalibe, tinaima kukhoma. MaZondi anandikankha kumsana, akuti kamwana ka Chinyasa iwe, wa m'mimba imodzi ndiwe, lankhula. Ndinatulutsa kansalu kaja, kanali katauma gwa ndi magazi, nkukaika patebulo pakati pa makapu. Ndinalankhula Chizulu changa chothyokathyoka, MaMokoena nkumatembenuza m'Chingerezi, osadziwa kapena akudziwa kuti kansaluko kakunena za mwana wake.

Ndinati, "Mukafuna mtendere mumaitana amene ali ndi mfuti. Amene timatola anthu ophedwa ndi mfutizo mumatisiya pakhonde. Kuno, ndi kudziko lililonse kumene mumapita, tilowetseni mkati tikhale nawo. Ndipo potumiza anthu anu, muzitumiza ndi azimayi omwe, osati mmodzi yekha."

Ndinafuna kunena zambiri koma mawu anatha. Anaomba m'manja. Mkulu wina wa imvi analemba kanthu. Wapampando anathokoza kamtsikana, akuti kalankhula mokhudza, kenako anapempha kuti wina achotse chonyansacho patebulo anthu asanamwe tiyi.

Mbendera anavomera kuti atipatse. Koma akuti iyenera kusungidwa ndi membala wa komiti, ndiye anaipereka kwa wapampando. Ili kumbuyo kwa galimoto yake mpaka lero, ndipo Lachinayi iye amakhala kutali, ku tauni ya Nigel. Mayi Angeline anawasamutsira kudera lina. Potsanzikana anandigwira manja onse awiri, anati kulikonse kumene akapite akanenabe zomwezi mpaka adzatope nawo.

Zonsezi zikanakhala zokha, ndikanakwera lole ya a Twalibu osalemba kalata. Koma pali za Lachinayi lapitali.

Ndinkamaliza kusita kuti ndiweruke. MaMokoena anafika pakhomo la kukhitchini, mayi wamkulu ngati inu, nkugwada pa simenti. Thabiso anali ataphedwa pafupi ndi hositelo. MaZondi anali atatumiza mawu kuti amufikitsa pa mlatho, koma kumenyana kunali kutakula ndipo amayi a mu lokeshoni ankaopa kuyandikira. Woolotsa panalibe, poti amayi ena a kwathu anasiya chichitikireni za achemwali. Ankafuna kuti ndikamuolotse ine.

Sanapepese. Sanatchule dzina la achemwali. Koma mmene ankayang'anira pansi ndinadziwa kuti akudziwa. Anangoti mwanayo amuvula nsapato, ndipo kukuzizira.

Ndinamuuza kuti mwana wakeyo agone pomwepo. Ndinamuuza kuti agalu nawonso amafuna kudya. Ine amene sindinayankhepo munthu wamkulu chibadwire, ndinanena zimenezo, ndipo zinandikomera m'kamwa. Ndinapitiriza kusita. Iye sanadzuke. Ndinasita malaya a bwana mpaka kolala inapsa, iye ali chigwadire. Kenako ndinazimitsa simbi.

Sindinamukhululukire, Amayi, musaganize kuti mwana wanu wasanduka mngelo. Ndinangoona kuti ndikakana, MaZondi adzamva kuti pa mlatho tayamba kusankha mitembo, ndipo zonse zimene achemwali anafera zithera pomwepo.

Tinatenga wilibala. Duku loyera la Mvano la achemwali ndinalimanga pa kamtengo nkulizika kutsogolo kwa wilibalayo. Pa mlatho tinapeza MaZondi atamupukuta kale kumaso mnyamatayo, atamutseka maso. Ndinamasula chitenje changa chotsiriza, chija munandiveka pokwera basi, nkumufunditsa. Anali wopepuka kuposa mmene ndinkaganizira. Dzanja lomwe lija logwira mfuti linkalendewera panja, ndinalibweza mkati ndekha.

Ndinakankha wilibala kudutsa pakona pomwe paja. Anzake analipo ndi mfuti zawo. Wina anafunsa ngati Anyasa amatilipira pa mutu uliwonse. Koma palibe amene anaombera, ndipo mmodzi anavula chipewa. Titafika kwawo, MaMokoena analowa m'nyumba ndi mwana wake osacheuka. Sanathokoze. Ine ndinabwerera ndekha, wopanda chitenje, mphepo ikundimenya m'miyendo.

Dzulo MaZondi anandiitana pa mpanda. Akuti Lachinayi likubwerali amayi a mbali zonse akandidikira pa mlatho. MaZondi sangaponde mu lokeshoni, MaMokoena sangayandikire hositelo. Ndikachoka ine, woolotsa palibe, ndipo ku holo kuja sikudzakhalanso wokaima kukhoma nkumawakumbutsa kuti tilipo. Tagwirizana kuti tizipitako msonkhano uliwonse, ndipo makapu sititsukanso.

Ndikuopa, Amayi. Chitseko chikamenyeka ndi mphepo ndimagwetsa mbale. Sindingakulonjezeni kuti sizingandichitikire zimene zinawachitikira achemwali, ndingakhale ndikukunamizani. Ndikudziwanso kuti ndikukupemphani chinthu chowawa, inu amene simunathire ngakhale dothi pamanda a mwana wanu. Mukanena kuti ndibwere, ndikwera lole, sindinakukanirenipo chibadwire. Koma ndikupempha kuti mundilole ndikhale.

Ngati mwalola, musavutike ndi kulemba. Muwauze a Twalibu pakamwa kuti akawauze alamu, ndipo muwapatse zitenje. Mupemphe amayi a Mvano, aliyense chimodzi, ngakhale chakutha, bola chokwana kufunditsa munthu kuyambira kumutu mpaka kumapazi. A Twalibu akadzatsika chimanjamanja, ndidzadziwa yankho lanu ndipo ndidzalongedza.

Mundiperekere moni kwa amalume, kwa azakhali ndi kwa onse amene anakhala nanu pa siwa. Iwe William, uziwatungira madzi Amayi, mwendo uja asaulemetse. Mulungu akusungeni, akupukuteni misozi, ndipo atisunge ndi ife kuno.

Zitenjezo zikhale za mtundu uliwonse, Amayi, koma pasakhale chofiira.

Ndine mwana wanu,
Sabina.

Ndamaliza kulemba Lamulungu pa 22 Ogasiti 1993, 5 koloko madzulo, mphepo isanaleke.